Mwana wanga akufuna kukhala ngati Jackie Chan: kodi kulumpha m'mafilimu ndi ntchito?

Funso: "Ndili ndi mnyamata wa zaka 16, ali Fomu 3. Chiyambire ali wamng'ono amakonda mafilimu a ndewu, ndipo masiku ano iye ndi anzake amangokhalira kutembenuzika m'malere kudambo n'kumajambulana pafoni. Mwezi watha analumpha kuchokera padenga la khitchini n'kuthyoka mkono, pano ali ndi chikhakha. Ndikamukalipira akumandiyankha kuti Jackie Chan nayenso anathyokathyoka koma lero ndi mpondamatiki. Kodi anthu a m'mafilimuwa amalumphadi kapena ndi bodza la kompyuta? Ndi ntchito yoti munthu n'kudyera? Ndimuletse kapena ndimusiye?" Mayi wa ku Blantyre.

Mayi, pepani ndi ngoziyo, ndipo tithokoze kuti anafikira mkono. Denga la khitchini limaoneka lalifupi tikaima pansi, koma munthu akafikira mutu kapena khosi kuchokera pamenepo, sitikamba za chikhakha.

Ndiyambe ndi pomwe mwana wanu akunena zoona. Ntchitoyo ilipodi. Kunja amaitcha stunt, ndipo alipo amuna ndi akazi amene ana awo amadya ndi kuphunzira ndi ndalama za kugubuduzika pamasitepe, kugundidwa ndi galimoto ndi kuyaka moto pamaso pa kamera. Ekita amene timamuombera m'manja ku vidiyo, nthawi zambiri ikafika nthawi yolumpha amakakhala pampando. Wina wa msinkhu ngati wake amavala malaya ake ndi wigi yofanana ndi tsitsi lake, n'kulumpha, kamera ikumujambula chakumbuyo kapena chapatali. Masiku ano kompyuta imafufuta zingwe zimene zamugwira, imathanso kumata nkhope ya ekita pathupi la wolumphayo, koma thupi limene likugwalo ndi la munthu wamagazi ngati ine ndi inu.

Pomwe mnyamata wanu waphonya ndi poganiza kuti anthuwa amalipidwa chifukwa cha kulimba mtima. Olimba mtima ali mbwee, Loweruka madzulo mukawapeza pabawa iliyonse. Wopanga filimu amafuna munthu woti agwe, adzuke, auzidwe kuti kuwala sikunali bwino tibwereze, agwenso chimodzimodzi pamalo omwewo kasanu kapena kasanu n'kawiri, mawa lake n'kubwera kuntchito akuyenda ndi miyendo yake. Wothyoka mkono pa kulumpha koyamba, kwa iwo ndi munthu amene ntchito sanaidziwe.

Ine zimenezi ndinaziphunzirira pa mwana wa eni. Zaka zapitazo ndinkakonzekeretsa ana a sukulu ina ya sekondale sewero lokapikisana nalo, ndipo munali malo oti bambo wokwiya amenye mbama mwana wake wamkazi. Mnyamata wosewera ubamboyo anati, "Aphunzitsi, tizingomenya yeniyeni pang'ono, yabodza anthu adzaitulukira." Mtsikanayo anavomera, inenso mopusa ndinalola. Masiku awiri zinayenda. Tsiku lachitatu mtsikana anatembenuka msanga, chikhatho chonse n'kutera pakhutu, phaa! Anakhala pansi atagwira mutu, holo yonse zii. Khutulo linamulira masabata awiri, ndipo ndinayenda ndekha kukapepesa kwa makolo ake. Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti titasintha, dzanja n'kumadutsa patali ndi tsaya, mtsikana n'kumaponya mutu kumbali pa nthawi yake, wina kuseri kwa katani n'kumaomba m'manja, anthu okhala kumbuyo kwa holo anayamba kukuwa kuti wamupweteka. Mbama yabodza inkaopsa kuposa yeniyeni ija.

Ndewu za m'mafilimu zimayenda momwemo. Chibakera chimadutsa pambali, kamera itaima pomwe mpatawo sukuoneka, ndipo phokoso lija la dii amaliikamo pambuyo ku situdiyo. Mwini luso kwenikweni ndi womenyedwayo, chifukwa ndiye amagulitsa chibakeracho ndi khosi lake ndi magwedwe ake. Galasi limene munthu amaboola ndi mutu kale ankalipanga ndi shuga, pano amapanga ndi pulasitiki wina wophwanyika msanga. Mpando wophwanyira pamsana ndi wa mtengo wopepuka wotchedwa balsa, ndipo amakhala ataufooketsa kale molumikizira. Wogwa kuchokera pansanjika amafikira pa chithumba chachikulu cha mpweya kapena pa mulu wa makatoni opanda kanthu osanjidwa bwino. Woyaka moto amavala zamkati zosagwira moto, amapakidwa mankhwala ozizira okhala ngati phala, amagwira mpweya kuti asapumire malawi, ndipo pambali pamakhala anthu ogwira zozimitsira moto akuwerenga masekondi. Kulumpha kwa masekondi atatu kumatha kudya masabata: kuyeza mtunda, kuyesa zingwe ndi matumba olemera ngati munthuyo, kuyambira pafupi n'kumakwera pang'onopang'ono.

Tsopano za Jackie Chan, poti ndiye mboni imene mwana wanu waitana pa mlanduwu. N'zoona kuti zoopsa zambiri za m'mafilimu ake a ku Hong Kong anachita yekha. Koma mnyamata wanu waona nsima ili m'mbale, kumunda sanafikeko. Jackie anabadwa mu 1954 m'banja losauka. Ali ndi zaka pafupifupi 7, bambo ake atapeza ntchito yophika ku ofesi ya kazembe wa America ku Canberra m'dziko la Australia, anamusiya ku Hong Kong pasukulu yogonera konko yotchedwa China Drama Academy, m'manja mwa mphunzitsi Yu Jim-yuen, pa mgwirizano wa zaka 10. Ana pamenepo ankadzuka m'bandakucha n'kuphunzira mpaka usiku: kuimba, kuvina, kuima chadodolido, kutembenuzika, kumenyana ndi ndodo ndi malupanga, zonse zokonzekera zisudzo za chikhalidwe cha ku China. Wolakwitsa ankakwapulidwa kolapitsa. Mwiniwake wanena kangapo kuti anatuluka pasukulupo asakudziwa bwino kulemba ndi kuwerenga, ndipo zimamuwawa. Sammo Hung ndi Yuen Biao, amene nawonso anadzatchuka, anachokera pakhomo lomwelo. Sukulu yolera ana mwa njira imeneyo lero ingatsekedwe pasanathe sabata, ndipo inu simungaperekeko mwana wanu.

Atatuluka ali ndi zaka pafupifupi 17 sanakhale ekita ayi. Anali mmodzi wa anyamata omenyedwa. Mu Enter the Dragon ya 1973 amaoneka masekondi ochepa, Bruce Lee atamugwira tsitsi n'kumuthyola khosi. Ntchito itasowa anatsatira makolo ku Canberra mu 1976 n'kukagwira ya zomangamanga, ndipo dzina loti Jackie analitola konko. Kutchuka kunabwera mu 1978, atatha zaka pafupifupi 17 akugwa tsiku ndi tsiku.

Ndiye tamvani chimene chinatsala pang'ono kumupha. Kugwa kuchokera pansanja ya wotchi mu 1983 anapulumuka. Kutsetsereka pamzati wodzaza mababu oyaka mu 1985 kunangomuwotcha zikhatho ndi kumupweteka msana. Akujambula Armour of God ya 1986 ku Yugoslavia, anayenera kulumpha kuchoka pakhoma n'kugwira nthambi ya mtengo, kanthu kakang'ono kwa munthu ngati iye. Koyamba zinatheka, koma mtima sunakhutire, anati abwereze. Kachiwiri nthambi inathyoka, iye n'kugwa mamita pafupifupi asanu, mutu pamwala. Chigaza chinasweka, kachidutswa ka fupa kanalowa mkati, magazi n'kumatuluka m'khutu. Anamuchita opaleshoni ya mutu, ndipo mpaka lero ali ndi bowo lotsekedwa ndi pulasitiki, khutu limodzi silimva bwino. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Munthu amene anali atagwa zaka 25, nthambi imodzi yokha. Mamita asanu aja, Mayi, ndi denga la khitchini yanu kuwirikiza kawiri chabe.

Mumuuze mwana wanu kuti filimu ya Jackie ikatha asamathamangire kuzimitsa. Pamene mayina akukwera amaonetsa zimene zinalakwika pojambula: anthu atagona chagada, ena akunyamulidwa pamachira. Mu Police Story muli malo amene basi ya nsanjika inaima mwadzidzidzi, anyamata a gulu lake n'kuboola galasi lam'mwamba. Anayenera kufikira pagalimoto imene inali kutsogolo, koma anaiphonya n'kufikira pa tala. Chimene timaonera mufilimuyo ndi ngozi yeniyeni. Mufunseni mnyamata wanu ngati akudziwa dzina la mmodzi wa iwo. Jackie ndi mmodzi, anyamata ogwa pa tala ndi ambirimbiri, ndipo aliyense wolowa ntchitoyi amayambira kwa iwowo, ambiri n'kuthera komweko.

Opanga mafilimu akuluakulu safuna kuti ekita wamkulu azidzichitira yekha zotere, ndipo chifukwa chake ndi ndalama. Mu 2017 Tom Cruise anathyoka kakolo ku London akulumpha kuchoka panyumba ina kupita pa ina, ali ndi zingwe zomugwira, ndipo ntchito yonse inaima masabata angapo, anthu mazanamazana akudikira phazi la munthu mmodzi. Wolowa m'malo akavulala, mawa kumabwera wina n'kuvala malaya omwewo. Mawuwa ndi owawa, koma ntchitoyi inakhalapo pa chifukwa chimenechi.

Ndipo ngakhale zonse zitayezedwa, tsoka silinunkha. David Holmes wa ku England, amene anakulira m'masewera a jiminasitiki, ndiye ankauluka ndi kugwa m'malo mwa Daniel Radcliffe m'mafilimu a Harry Potter kuyambira yoyamba. Mu Januwale 2009, akuyeserera malo oti bomba lamuponyera kumbuyo, chingwe chinamukoka mwamphamvu n'kumumenyetsa kukhoma. Anathyoka khosi, ndipo chiyambire tsikulo amayendera njinga ya olumala. Pafupi ndi kwathu kuno, Olivia Jackson wa ku South Africa, mu Seputembala 2015, ankathamangitsa njinga yamoto wopanda chipewa, monga filimu imene ankajambula inkafunira, molunjika galimoto yonyamula kamera. Chitsulo chogwira kamerayo chinayenera kukwera kuti iye adutse kunsi. Chinachedwa. Anagona chikomokere masiku 17, mafupa a kumaso ataphwanyika, ndipo mkono wake wamanzere anadzaudula. Kenako panabwera nkhondo ina ya zaka zingapo yolimbana kuti alipidwe, mpaka khoti lalikulu la ku South Africa linagamula momukomera mu 2020. Awiriwa anali akatswiri ndipo anachita mbali yawo. Moyo wawo unali m'manja mwa wina wogwira chingwe kapena batani.

Nanga ndalama? Ku America, komwe malipiro amakambirana ndi bungwe la ochita mafilimu la SAG-AFTRA, tsiku limodzi la ntchito limaposa madola 1,000, ndipo pa chinthu choopsa kwambiri amawonjezerapo. Mukasintha m'makwacha mutu uzungulira. Koma tsikulo likhoza kubwera kamodzi, kenako miyezi itatu foni osalira. Pa sitalaka ya mu 2023, bungweli, lomwe lili ndi mamembala pafupifupi 160,000, linanena kuti 86 mwa 100 alionse sankafika pa madola 26,470 pachaka, ndalama yofunika kuti munthu alowe pa thandizo la chipatala la bungwelo. Awa ndi a ku Hollywood kumene, kuphatikizapo maekita ooneka nkhope. Podikira foni ambiri amaperekera zakudya m'malesitilanti, amayendetsa matakisi, amaphunzitsa ena masewera olimbitsa thupi.

Kutchuka nako musakuyembekezere, poti ntchito yawo ndi yoti asadziwike kuti analipo. Mphoto za Oscar zinayamba mu 1929, koma gawo la stunt analilengeza mu 2025, kuti lidzayamba kuperekedwa mu 2028 pa mwambo wa nambala 100. Jackie mwiniwake Oscar yake yaulemu anailandira mu 2016, atakhala m'mafilimu zaka zoposa 50.

Mawondo ndi msana nazo sizichedwa kutopa. Okhalitsa pantchitoyi ndi amene amasiya kugwa n'kuyamba kukonzera anzawo magwedwe: kupeka ndewu, kuyang'anira chitetezo, kujambula. Chad Stahelski ankalowa m'malo mwa Keanu Reeves mu The Matrix ya 1999. Patapita zaka 15 ndiye ankauza Keanu yemweyo poima, monga wotsogolera John Wick. Munthu wotere pamene ankagwa, diso lina linali pomwe kamera yaima. Ndipo polowera penipeni sipafuna za madenga. Ku Britain, kuti ulembedwe m'kaundula wa British Stunt Register umayenera kuonetsa umboni wa maluso osachepera asanu ndi limodzi, monga kumenyana, kusambira, kukwera hatchi, kuyendetsa galimoto, jiminasitiki ndi kukwera matanthwe. Zimatenga zaka ndi ndalama zambiri.

Kwathu kuno tinene chilungamo. Mafilimu athu ambiri ndi a nkhani za m'banja, chikondi ndi umphawi, ndalama zake n'zochepa, ndipo pakafunika kugwa ekita amadzigwera yekha pakapinga. Wodyera kugwa kokha lendi singamutheke. Ngakhale akuluakulu a luso lathu anaima ndi miyendo iwiri. A Shemu Joyah, amene mafilimu awo apambana mphoto kunja, ntchito imene anaphunzira ndi yoyeza malo. A Michael Usi, Manganya wa mu Tikuferanji, ankasewera uku akugwira ntchito ku bungwe la ADRA, sukulu osaisiya, ndipo mu 2024 tinawaona akulumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Komwe kuli stunt yolipira pafupi nafe ndi ku South Africa, makamaka ku Cape Town, kumene makampani akunja amabwera kudzajambula. Mad Max: Fury Road anaijambula m'chipululu cha Namibia mu 2012. Koma kumeneko amafuna mapepala okhalira ndi ogwirira ntchito, Chingerezi chomvera malangizo mwachangu, chiphaso choyendetsera galimoto, ndi munthu wodziwika wokuchitira umboni kuti mwana uyu akauzidwa amamva.

Chitsanzo chimene ndingakonde kuti mwana wanu achifufuze pafoni yakeyo ndi cha ku Wakaliga, dera la anthu osauka mumzinda wa Kampala ku Uganda. Isaac Nabwana, munthu amene ankaumba njerwa, anayamba kujambula mafilimu a ndewu ndi anyamata a m'dera lake, mfuti zake zopanga ndi zitsulo zotayidwa, makompyuta ake olumikiza yekha. Who Killed Captain Alex? ya 2010 inadya ndalama zosaposa madola 200, ndipo anthu mamiliyoni aionera pa YouTube. Ili ndi munthu wolankhulira pamwamba, monga amachitira ma DJ athu omasulira mafilimu m'Chichewa. Anyamata akewo kung fu amaiphunzira ndithu, koma chimene chinawatulutsa ku Wakaliga ndi nthabwala, nzeru ndi kudziwa kudula zithunzi.

Ndiye mumuletse? Ine ndingati ayi. Mnyamata wa zaka 16 ukamuletsa amangosamutsira masewerawo komwe suona, ndipo kumeneko ndiye kuli madenga aatali. Mutsitseni padenga, mumupereke m'manja mwa mphunzitsi.

Chikhakha chichoke kaye, ndipo adokotala anene okha kuti fupa lagwirana. Pa msinkhu wakewu mafupa amakhala asanamalize kukula, ndipo chakumapeto kwa fupa kuli kachigawo kofewa komwe kukulako kumachitikira. Kakavulala moipa mkono ukhoza kupindika kapena kufupika mpaka kalekale. Akachira mupezereni kalabu ya karate, taekwondo, judo kapena nkhonya yokhala ndi mphunzitsi wachikulire wodziwika, ndipo mukamuone nokha mphunzitsiyo. Pa nkhani iyi ine ndimakondera judo, chifukwa masabata oyamba amangokuphunzitsa kugwa: kupanikiza chibwano pachifuwa, kumenya pansi ndi mkono wonse, osatsogoza chikhatho. Ndikukhulupirira kuti kutsogoza chikhathoko ndiko kwamulowetsa m'chikhakha. Alowenso kalabu ya zisudzo kusukulu, chifukwa wosadziwa kusewera amagwa ngati thumba la chimanga, oonera osamva n'chisoni chomwe.

Mugwirizane malamulo ochepa osasinthika. Asalumphe kuchokera pamalo otalika kuposa msinkhu wake popanda mphunzitsi. Moto, galimoto yoyenda ndi mpeni weniweni, ngakhale wobuntha, zisayandikire masewerawa. Brandon Lee, mwana wa Bruce Lee, anafa mu 1993 ali ndi zaka 28 ndi mfuti imene aliyense pamalopo ankaiyesa yopanda chipolopolo. Akamenyetsa mutu n'kuyamba kusanza, kusinza kapena kuiwala zimene zachitika, ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Apa, Mayi, muchepetseko ukali, chifukwa mwana woopa kukalipiridwa amakagona ndi mutu wotupa osanena. MSCE ikhale mtengo wa zonsezi: magiredi akatsika, kalabu iyambe yaima.

Podikira kuti mkono upole, mupatseni ntchito iyi. Iye akhale wogwira foni, anzake awiri akhale omenyana. Akonze ndewu ya mphindi imodzi pamchenga, yopanda kulumpha kulikonse, ndipo pasakhale chibakera ngakhale chimodzi chokhudza munthu. Ayeserere pang'onopang'ono ngati akuphunzira gule, afufuze poimika foni kuti mpata usaoneke, phokoso aliike pambuyo pomenya kabichi ndi ndodo. Akamaliza akuonetseni inu ndi agogo ake. Agogo akakuwa kuti "mupha mwana wa eni!", mundilemberenso tikambirane kolowera.